Kugona pafamu ndi motorhome kapena kalavani ku Britain: zotenga ndi zochita kuyambira pageti mpaka pochoka

Ena mwa ife amene tikukhala ku Britain tayamba kumabwereka motorhome (galimoto yokhala ndi pogona ndi pophikira mkati) kapena kugula kalavani (kanyumba kokoka ndi galimoto) yogwirapo kale ntchito, kuti tikapuma tizikaonetsa ana moyo wa kunja kwa tauni. Kuyendetsa sikuvuta kwenikweni. Zimene zimagwetsa anthu ndi za pamalo ogona: matayala atitimira pakapinga wonyowa, magetsi athima ketulo itangoyatsidwa, chimbudzi chadzaza koma palibe akudziwa kokataya, kapena mwafika kutada, geti ndi lotseka, foni ilibe netiweki.

Malo amene ndikunena pano ndi aja aang'ono a pafamu, olandira magalimoto osapitirira 5 nthawi imodzi. Bungwe la Caravan and Motorhome Club limawatcha Certificated Location kapena CL. La Camping and Caravanning Club limawatcha Certificated Site kapena CS, ndipo kumeneko amalolanso matenti. Malowa ndi a mamembala a mabungwewa, ndipo simuloledwa kukhalapo masiku oposa 28 motsatizana. Palinso mafamu ena odziimira paokha amene safuna umembala. Konseko musayembekeze ofesi, mlonda kapena sitolo. Chimene mungadalire ndi mpope wa madzi akumwa, potayira za m'chimbudzi ndi potaya zinyalala. Wokulandirani ndi mlimi amene ali ndi ziweto zoti adyetse, ndipo munda umene mwaimamowo ndi pantchito pake. Mukafika mutakonzeka, n'kufunsa musanachite kanthu, mavuto ambiri sakupezani.

Zoti mukhale nazo musananyamuke

- Laisensi yoyenera kulemera kwa galimoto, mapepala a inshuwalansi, ndi nambala ya kampani yothandiza galimoto ikawonongeka panjira
- Khadi la umembala ngati malowo ndi CL kapena CS
- Chingwe cha magetsi cha mamita 25, chija chokhala ndi mapulagi a buluu a mano atatu
- Zopondetsa matayala ziwiri zoongolera galimoto pamalo opendekeka, ndi kachida koonera ngati yaima bwino
- Timphasa tolimba ta pulasitiki toika pansi pa matayala pakapinga
- Payipi ya madzi akumwa, kapena mgolo wogudubuza wa malita 40 ngati ndi kalavani, ndi chotengera china cha madzi akuda
- Mankhwala a m'chimbudzi, magolovesi, ndi mapepala a m'chimbudzi osavuta kusungunuka
- Silinda ya gasi yodzaza bwino
- Alamu ya utsi, alamu ya mpweya wakupha wa carbon monoxide, chozimitsira moto
- Ketulo yaing'ono ya paulendo kapena yoika pagasi
- Tochi, majombo a matope, matumba a zinyalala, kachida kochotsera nkhupakupa
- Ndalama zapamanja, chifukwa si mlimi aliyense ali ndi makina a khadi
- Ngati mukukoka kalavani: magalasi oonjezera oonera kumbuyo, ndi nambala yapakalavani yofanana ndi ya galimoto yanu

1. Onani laisensi ndi kulemera kwa galimoto

Laisensi wamba ya gulu B imakulolani kuyendetsa motorhome yosapitirira makilogalamu 3,500 itanyamula zonse. Yolemera kuposa pamenepo imafuna gulu C1. Ku England, Scotland ndi Wales, kuyambira pa 16 Disembala 2021 munthu wa gulu B angathe kukoka kalavani yofika makilogalamu 3,500 popanda mayeso ena, bola galimoto yakeyo ikhale yololedwa kukoka katundu wotero. Laisensi ya ku Malawi imagwira ntchito miyezi 12 yokha kuchokera pamene munayamba kukhala m'dzikoli. Ya ku South Africa kapena ku Zimbabwe imatha kusinthidwa kukhala ya kuno popanda mayeso. Makampani obwereketsa amakhalanso ndi malamulo awoawo, choncho afunseni musanalipire dipoziti.

Chenjezo: malo onyamulira katundu amaoneka ambiri, koma kulemera kololedwa n'kochepa. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 100 yadya kale makilogalamu 100. Onjezani anthu, njinga, gasi, ufa ndi ndiwo za masiku onse, muona kuti malire safika patali. Nyamukani ndi madzi ochepa, mukadzazire kufamu.

Pa kalavani, mabungwe aja amalangiza oyamba kumene kuti kulemera kwake itanyamula kusapitirire 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto yokoka isananyamule katundu. Zolemera ziikeni pansi, pafupi ndi pamene pali matayala. Mukaziunjika kumbuyo kwenikweni, kalavani imayamba kugwedezeka uku ndi uku mukathamanga.

2. Imbani foni kwa eni famu

Ngakhale mwasungitsa malo pa intaneti, imbani kapena tumizani uthenga. Apa m'pamene ulendo umakomera kapena kuwonongekera. Funsani izi:

Kodi poimapo ndi pakapinga kapena ndi powuma pothiridwa miyala, pamene iwo amati hardstanding? Ngati kwagwa mvula sabata imeneyo, kodi munda wauma? Magetsi alipo, ndipo ndi a ma amp angati (muyeso wa kuchuluka kwa magetsi amene mungakoke nthawi imodzi)? Ali pamtengo womwewo kapena ndi a mita? Chimbudzi ndi bafa zilipo, kapena mudalire za m'galimoto? Ana amaloledwa? Malo ena ndi a akuluakulu okha, ndipo n'zomvetsa chisoni kubwezedwa pageti ana ali kumbuyo. Agalu nanga? Kuotcha nyama n'kololedwa? Muyenera kufika nthawi yanji?

Auzeni utali weniweni wa galimoto yanu, ndi chiwerengero cha anthu. Kenako funsani njira. Lembani zimene akuuzani papepala.

3. Tsatani njira ya mlimi, osati ya foni

Kumidzi ya ku Britain postcode imodzi imatha kukuta mafamu angapo otalikirana. Mapu a pafoni sadziwa kuti mukukoka kalavani. Adzakulowetsani m'kanjira kopapatiza kokhala ndi makoma a miyala mbali zonse, monga mmene zilili ku Yorkshire Dales, kapena ka zitsamba zazitali zobisa kutsogolo monga ku Devon ndi Cornwall, kumene simungathe kutembenuka. Mamailosi omaliza yendani monga wanenera mwini malo, ngakhale njira yake ioneke yozungulira.

Lembani msinkhu ndi mulifupi wa galimoto papepala, m'mamita ndi m'mafiti momwe, mumate pamene woyendetsa akuona. Mukafika pamlatho wamfupi simukhala ndi nthawi yofufuza m'buku.

Mukamakoka kalavani, malire ndi mamailosi 50 pa ola pamsewu wamba wa kunja kwa tauni, ndi 60 pamsewu wogawidwa pakati komanso pa motorway. Pa motorway ya mizere itatu kapena kuposa simuloledwa mumzere wakumanja kwenikweni. Ku Wales, m'malo ambiri okhala anthu malire ndi mamailosi 20. Munthu asakwere m'kalavani ikamakokedwa, ndipo mu motorhome aliyense akhale pampando wa lamba. Ana osakwana zaka 12 amene sanafike masentimita 135 amafunika mpando wawo wa ana.

Panjira yokwana galimoto imodzi pamakhala timalo topatukira. Ngati kamaloko kali kumanzere kwanu, lowanimo. Ngati kali kumanja, imani moyang'anana nako kuti winayo alowemo. Kumbuyo kwanu kukadzaza magalimoto, patukani adutse.

Fikani kukuwala. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku kapena kupitirira, koma mu Disembala pofika 4 koloko madzulo kwayamba kale kuda.

4. Pageti: tsikani muyende pansi kaye

Geti lisiyeni mmene mwalipezera. Ngati linali lotseka, tsekani mukangodutsa, ndipo onetsetsani kuti loko wagwira. Ngati linali lotsekula, lisiyeni, mwina mlimi akufuna ziweto zizipita kokamwa madzi. Mkati mwa famu yendani liwiro la munthu woyenda pansi.

Musalowetse galimoto m'munda musanaupondepo. Valani majombo, yendani kuchokera pageti mpaka pamene mukufuna kuima. Dindani chidendene pansi: madzi akatuluka m'mphepete mwa jombo, kapena chidendene chikalowa mosavuta, matani atatu sadutsapo. Kapinga amanamiza, pamwamba amaoneka wouma bwino pamene pansi pali phala. Yang'anani mikwingwirima ya matayala a amene anadutsa kale, ndi malo amene udzu wake ndi wobiriwira kwambiri kuposa pena, chifukwa pamenepo m'podikha madzi. Yang'ananinso kumwamba: nthambi zotsika zimang'amba denga.

Ngati eni famu alipo, apatseni moni, dzitchuleni dzina, funsani pamene akufuna muime. Ambiri amakonda kutchulidwa dzina loyamba lokha ngakhale ali achikulire, ndipo kwa iwo si mwano. Ngati kulibe, kawirikawiri amasiya uthenga pachikwangwani kapena m'kabokosi.

5. Imani bwino ndi kuongola galimoto

Siyani mamita 6 pakati pa inu ndi oyandikana nawo. Ndi mtunda wotetezera moto kuti usalumphire kwa wina. Sankhani pamalo pokwererapo, ndipo galimoto iyang'ane kumene mudzatulukire. Ma motorhome ambiri amakoka ndi matayala akutsogolo pamene kulemera kwambiri kuli kumbuyo, n'chifukwa chake amaterereka msanga pakapinga. Matayala okokawo akhale pafupi ndi njira yolimba, ndipo muwapondetse patimphasa tija tsiku lofika lomwelo. Galimoto ikakhala masiku angapo pamalo amodzi imanka nititimira pang'onopang'ono.

Pobwerera chambuyo, wina atsike aime pamene mukumuona pagalasi, zenera likhale lotsekula. Mukasiya kumuona, imani. Ana akhale m'galimoto kapena agwiridwe dzanja patali.

Kuongola n'kofunika. Filiji ya gasi sizizira bwino galimoto ikapendekeka, madzi a m'sinki ndi m'bafa satsika, ndipo tulo sitikoma mutu uli kumunsi. Pa motorhome, ikani zopondetsa kutsogolo kwa matayala a mbali yotsika, kwerani pang'onopang'ono, kokani handibuleki, siyani mugiya.

Pa kalavani tsatani dongosolo ili:

1. Ongolani za m'mbali poyamba, kalavani ikadali yolumikizidwa, pokweza tayala la mbali yotsika pachopondetsa.
2. Kokani handibuleki ya kalavani, tsekerani matayala kuti asagudubuke.
3. Tsitsani katayala kakutsogolo n'kukamanga zolimba, zulani pulagi ya magetsi a kugalimoto.
4. Kwezani chogwirira cha polumikizira uku mukupukusa katayala kaja mpaka kalavani itasiyana ndi galimoto.
5. Kawaya kachitetezo kaja kokoka mabuleki kalavani ikaduka, kachotseni pomaliza.
6. Ongolani kutsogolo ndi kumbuyo popukusa katayala kakutsogolo.
7. Tsitsani miyendo inayi ya m'makona mpaka ingokhudza pansi, pathabwa kapena papulasitiki.

Chenjezo: miyendo ya m'makona si jeke. Ntchito yake n'kuletsa kugwedera basi. Mukanyamulira kalavani, mupinda pansi pake. Ndipo munthu asalowe mkati miyendo yakumbuyo isanatsike, kalavani imatha kutukuka kutsogolo.

6. Lumikizani magetsi, kenako werengerani

Zimitsani switchi yaikulu ya m'galimoto. Tambasulani chingwe chonse, ngakhale pachipilala cha magetsi pali pafupi. Chingwe chokulungidwa chimatentha magetsi ambiri akamadutsa, mpaka kusungunuka. Chotsalacho chiyaleni motalikirana pansi m'mbali mwa galimoto. Lowetsani pulagi kugalimoto poyamba, kenako kuchipilala, kuti musayende ndi chingwe chamoyo pakapinga wonyowa. Mukatero yatsani switchi ija.

Tsopano masamu. Magetsi a kuno ndi mavoti 230. Chulukitsani ndi ma amp amene mlimi wakuuzani: ma amp 16 akupatsani mawati 3,680, ma amp 10 akupatsani 2,300, ma amp 6 akupatsani 1,380 okha. Ketulo ya kunyumba payokha imadya pakati pa mawati 2,000 ndi 3,000. Pamenepo filiji, chotchajira batire ndi chotenthetsera madzi zikudyanso mwakachetechete. Mukayatsa ketulo yotero pa ma amp 10 hita ili yoyaka, magetsi athima. Pamafamu ena mukatero mwathimitsira ndi anzanu omwe, ndipo pokonzera pake pali m'shedi yokhoma, mwini wake atagona.

Chowumitsira tsitsi, ayironi, microwave, mphika wa mpunga wa magetsi: chimodzi pa nthawi imodzi, mutazimitsa kaye hita. Mawati a chida chilichonse amalembedwa pansi pake kapena kumbuyo.

Ngati malowo alibe magetsi, filiji iikeni pagasi. Magetsi a mavoti 12 amayendetsa filiji yotereyi injini ikamalira basi. Masoketi a pakhoma sagwira ntchito, ndipo nyali ndi pampu ya madzi zimadya batire ya m'nyumbamo, choncho zisamaleni. Jenereta musalize musanapemphe.

7. Gasi, moto ndi mpweya wakupha

Gasi alipo wa mitundu iwiri. Butane, amene kampani ya Calor imagulitsa m'masilinda a buluu, amafooka kukazizira ndipo amasiyiratu kutuluka kuzizira kukafika cha pa madigiri 0. Propane, wa m'masilinda ofiira, amagwirabe ntchito ngakhale m'chisanu choopsa. Ngati mukupita pakati pa Okutobala ndi Epulo, tengani propane. Silinda iziima chilili, yomangidwa m'kabati yake, ndipo muziitseka poyenda pokhapokha ngati obwereketsa akuuzani kuti galimotoyo ili ndi chida chodula gasi pangozi.

Gawo lino ndikupemphani muliwerenge kawiri. Tonse tinamvapo za anthu amene anagona ndi mbaula m'nyumba yotseka kwathu mwezi wozizira wa Juni, osadzukanso. Mu motorhome, m'kalavani, m'tenti ngakhale m'kakhumbi ka nsalu kolumikiza kukalavani, ngozi yake ndi yomweyo, ndipo malo ake ndi ochepa kwambiri. Carbon monoxide saoneka, sanunkha. Makala amene mwaotchera nyama amatulutsabe mpweyawu kwa maola ambiri moto utaoneka ngati wazima. Musawalowetse mkati, kaya pothawa mvula kaya pofuna kuotha. Musayatse chitofu cha gasi kuti chitenthetse m'nyumba. Timabowo ta mpweya ta pansi ndi padenga musatitseke ndi nsalu ngakhale mphepo ikulowa, tinaikidwa dala. Lawi la chitofu lizikhala la buluu. Likamaoneka lachikasu ndi kudetsa mapoto, zimitsani.

Dinani batani la alamu tsiku lofika kuti mumve ngati ikulira. Wina akayamba kumva mutu, chizungulire, nseru kapena kufooka, makamaka ngati ndi anthu angapo nthawi imodzi, tulukani nonse panja, tsekani gasi pasilinda, imbani 999. Nambala ya 111 ndi ya uphungu wa zaumoyo pamene zinthu sizinafike poopsa. Dzina la famu ndi postcode yake zikhale zolembedwa poonekera, kuti aliyense athe kuuza a ambulansi.

Pootcha nyama, chootchera chikhale cha miyendo kapena pamwamba pa njerwa kuti kapinga asapse, kutali ndi galimoto, ndowa ya madzi ili pambali.

8. Madzi akumwa, madzi akuda ndi chimbudzi

Pamakhala mipope iwiri: wa madzi akumwa, ndi wina pafupi ndi dzenje lotayira za m'chimbudzi. Musaisokoneze ngakhale kamodzi. Payipi ya pampope wachiwiriwo imalowetsedwa m'mathanki a zimbudzi za anthu onse. Ngati simukudziwa kuti wakumwa ndi uti, funsani.

Madzi otsukira mbale ndi osamba amapita m'thanki ya pansi pa motorhome kapena m'chotengera chanu. Funsani kokataya. Mlimi wina adzakuonetsani ngalande, wina adzati muthire m'tsinde mwa mpanda wa zitsamba. Musawasiye akudontha pamene mwaima, ndipo asapite mumtsinje kapena m'dziwe. Mukaphika nsima, poto munyike, nkhoko muzikokote n'kuziponya m'thumba la zinyalala. Mapaipi a sinki ya m'galimoto ndi ang'onoang'ono, ufa ndi mafuta zimawatseka msanga ndipo fungo lake silichedwa. Pophika tsekulani zenera ndi chivundikiro cha padenga, apo ayi nthunzi yonse idzasanduka madzi pamakoma ndi pazofunda.

Chimbudzi cha m'galimoto chili ndi kathanki kotulutsira panja. Musadikire kuti kadzaziretu, kodzaza n'kolemera ndipo kamatayikira. Potaya:

1. Tsekani kachitseko ka pansi pa mtondo wa chimbudzi muli mkati. Kakakhala kotsekula, thanki situluka, ndipo mukakakamiza muthyola.
2. Valani magolovesi, tsekulani kabati ya panja, sololani thankiyo.
3. Pitani nayo pamalo olembedwa chemical disposal point kapena Elsan point.
4. Tembenuzani mlomo wake uyang'ane kumwamba, masulani chitsekerero, chiikeni kutali ndi dzenje. Chikagweramo simuchipezanso.
5. Pendeketsani kuti mlomo uloze m'dzenje, kenako dinani batani lolowetsa mpweya kuti zituluke bwino osathovokera. Mukadina mlomo usanaloze pansi, zitulukira pabatanipo.
6. Tsukuluzani kangapo ndi madzi a pampope wa pomwepo, osakhutchumula mwamphamvu.
7. Thirani mankhwala monga zalembedwera pabotolo, ndi madzi pang'ono okuta pansi pa thanki, bwezerani.

Mafamu ambiri sali pa mapaipi a zonyansa a m'tauni, ali ndi septic tank yawoyawo, imene imadalira tizilombo towoletsa. Mankhwala ena amapha tizilomboto. N'chifukwa chake alimi ambiri amafuna mankhwala obiriwira opanda formaldehyde. Funsani pa foni ija, mugule oyenera. Matewera, zopukutira ana zonyowa ndi zovala za amayi pa nthawi ya kumwezi zipite m'zinyalala.

9. Ziweto, ana ndi agalu

Kwa ana okulira m'tauni, apa ndiye pokoma pa ulendo wonse: kuona nkhosa pafupi, kumva ng'ombe m'mawa, kugula mazira pakabokosi ka pageti n'kusiya ndalama m'chitini popanda wogulitsa. Koma auzeni malire tsiku loyamba, muyende nawo muwaonetse. Asalowe m'khola, m'shedi kapena pamene pali thirakitala. Asakwere pamilu ya udzu womangidwa, mtolo umodzi waukulu umalemera makilogalamu mazana angapo. Asayandikire dzenje la ndowe zamadzi, pamwamba pake pamaoneka pouma. Kawaya kapena kansalu kopyapyala kozungulira munda kawirikawiri kamakhala ndi magetsi.

Ziweto musazidyetse chilichonse popanda chilolezo. Ng'ombe imene ili ndi thole musaiyandikire, ndipo musadutse pakati pa iyo ndi mwana wake. Galu akhale pachingwe nthawi zonse. Galu wothamangitsa nkhosa ndi mlandu kwa mwini wake, ndipo nkhosa ya bere imatha kutaya mwana chifukwa chongothamangitsidwa. Koma ng'ombe zikayamba kukulondolani mwaukali muli ndi galu, musiyeni chingwe athawe yekha, inu mutuluke m'mundamo modekha.

Mayi woyembekezera asayandikire nkhosa pa nyengo imene zikuswa, makamaka kuyambira kumayambiriro kwa chaka mpaka cha mu Epulo, asagwire ana a nkhosa ongobadwa ngakhale zovala za amene wawagwira. Pali matenda amene amachokera kunkhosa n'kuvulaza mwana wosabadwa. Aliyense asambe m'manja ndi sopo ndi madzi akagwira chiweto, geti kapena majombo, asanadye. Mankhwala opaka m'manja aja sakwanira pa tizilombo tina ta m'ndowe.

Madzulo aliwonse fufuzani nkhupakupa pathupi la ana: kuseri kwa makutu, m'khwapa, m'chiuno, kuseri kwa mawondo. Za kuno ndi zazing'ono kwambiri ndipo zina zimafalitsa matenda a Lyme. Chotsani ndi kachida kaja mutagwira pafupi ndi khungu, osafinya mimba yake, osaiotcha. Pakhungu lakuda chizindikiro chozungulira cha matendawa sichioneka mofiira, chimatha kungooneka ngati pamene munthu wasupuka kapena pakuderapo, ndiye mukaona chachilendo kapena wina akayamba kutentha thupi patapita masiku kapena masabata, kaonaneni ndi dokotala ndipo munene za nkhupakupayo.

10. Kuchoka

Tayani za m'chimbudzi ndi madzi akuda, lipirani, tolani chilichonse pansi, ngakhale zitsekerero za mabotolo, chifukwa m'mundamo mudzadya ziweto. Zimitsani switchi yaikulu, zulani chingwe kuchipilala poyamba, kenako kugalimoto. Tsekani gasi, mazenera, zivundikiro za padenga, makabati ndi chitseko cha filiji. Pa kalavani kwezani miyendo yonse inayi, lumikizani, kolowekani kawaya kachitetezo, ndipo pukusani katayala kakutsogolo ngati mukukweza kuti muone ngati kumbuyo kwa galimoto kukunyamuka nawo. Kukatero ndiye kuti zagwirana. Kwezani katayalako n'kukamanga, masulani handibuleki, wina aime kumbuyo aone ngati nyali zonse zikuyaka.

Pochoka pakapinga wonyowa, matayala akhale owongoka, nyamukani mofatsa, m'giya yachiwiri ngati n'kotheka, osaponda mafuta kwambiri, ndipo musaime mpaka mutafika polimba. Matayala akangoyamba kuzungulira pamodzimodzi, siyani pomwepo. Kulimbikira kumangokumba dzenje ndi kuwononga munda. Ikani timphasa, yesani kamodzi. Zikakanika kapempheni thirakitala. Chitsulo chokokera cha motorhome chimakhala m'bokosi la zida ndipo chimapotokoleredwa pabowo la kutsogolo; chingwe chimangidwe pamenepo, osati pena paliponse. Mlimi wasiya ntchito yake ndipo watentha dizilo, choncho funsani kuti mumupatse zingati.

Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kuitana anzanu kuti abwere kudzacheza musanapemphe. Kwa ife n'zachibadwa kuti abale okhala pafupi amve kuti tafika n'kubwera ndi mapoto, koma pamalo a magalimoto 5, magalimoto ena atatu ndi anthu khumi ndi nkhani yaikulu kwa mlimi ndi kwa ena amene anabwera kudzafuna bata. Pemphani pasadakhale, nenani chiwerengero. Ngati mukufuna chisangalalo cha gulu, funsani ngati mungalipire malo onse.

Phokoso la usiku. Kumunda mawu amamveka patali, ndipo khoma la kalavani silitchinga kanthu. Nyimbo zikhale zapansi, ndipo pofika 10 koloko usiku kukhale zii. Chitseko chokoka cha galimoto chimadzutsa munda wonse.

Kusintha maganizo osanena. Ngati simubwera kapena muchedwa, imbani. Malo amodzi mwa 5 akakhala opanda munthu, mlimi wataya gawo lalikulu la ndalama za usiku umenewo.

Kuganiza kuti ku Scotland mungaime paliponse. Ufulu wogona kutchire umene lamulo la 2003 limapereka kumeneko sukhudza magalimoto. M'munda wa munthu mumafunika chilolezo chake.

Kufika opanda chakudya, poganiza kuti sitolo ili pafupi. Itha kukhala mamailosi angapo, ndipo ndi motorhome kupita kokagula mkaka kumatanthauza kuzula chingwe, kutsika pazopondetsa ndi kulongedza zonse. Gulani musanapatuke pamsewu waukulu.

Kunyamuka osazungulira galimoto komaliza. Chingwe chikadali kuchipilala, sitepe ili panja, chivundikiro cha padenga chili chotsekula, timphasa tatsala m'matope. Woyendetsa atsike, azungulire yekha kamodzi akuyang'ana pansi, kachiwiri akuyang'ana padenga, kenako akatsekule geti.